Kalata Yopinda Kanayi

Ndine amene ndinasokera Kamwala yense masiki,
kapena theka lake, ndisaname.
Tizidutswa ta chitenje timene kale ndinkasesa n'kutaya
chaka chimenecho tinandilipirira lendi.
Makina ankalira mpaka magetsi atathima,
kenako phazi, kenako kandulo.
Atatu teni kwacha, ulusi wachikasu m'mphepete
chifukwa ndi umene unali wotchipa.

Koma mwini wakene sindinavale.
Ndinayesa. Mboni ndi Esinati wogulitsa mazipi,
amene ananditola pansi tsiku lija
nsalu itandigwira pamphuno ngati dzanja la munthu wolusa.
Chifuwa chachikulu chinandidyera phapo limodzi
chaka chimene ndinabala Lameki.
Lotsalali ndi la mphumu,
limaimba likhweru usiku wa Juni.

Adokotala a ku Chilenje analemba mizere isanu,
chidindo pansi, dzina losawerengeka.
Anati, "Mayi Njobvu, muziyenda nayo."
Ndinaipinda kanayi n'kuiika m'bulauzi,
pamwamba penipeni pa phapo limene imanena.

Kalata siyendera pankhope.
Anthu amaona kamwa kaye.

M'minibasi ya ku Chawama kondakitala anamenya chitseko:
"Amayi, masiki! Mufuna atimange pa rodibuloko?"
Ndisanafike n'komwe pa batani lachiwiri
mpando wonse unali utasendera kuwindo.
Bambo wina wa tayi anati,
"Anthu ngati awa ndi amene atimalize."
Yake inali pachibwano, itapachikika ngati ndevu zobwereka.
Ndinaiyang'ana bwino:
maluwa obiriwira, ulusi wachikasu,
pakona paja pamene singano yanga imadumpha.
Ndinatsikira pa Misisi n'kuyenda wapansi.
Fumbi silinandifunse kanthu,
linangolowa.

Ndikudziwa, alipo anagula makalata otere kuseri kwa msika,
a mapapo awiri abwinobwino.
Iwo anapuma mwaulere, ngongole n'kugwera ine.

Ndipo palibe anafunsa kuti wamantha kwambiri ndani.
Wina akatsokomola mu Soweto
ine ndinkawerenga masiku khumi ndi anayi
ngati wowerenga ndalama zosakwana.
Ndinkadziwa: ukandipeza mliriwu sukambirana nane mtengo.
Nchifukwa chake ndinkapinda nsalu kawiri,
pena katatu, osakweza mtengo.
Masiki anu ndiwo anali anga.

Lachisanu lina kapopera wanga anatha mpweya.
Pakhomo la famase mu Cairo Road
mlonda ananditseka ndi botolo la sanitaiza.
Ndinamupatsa kalata. Anaigwira ndi nsonga za zala,
anawerenga milomo ikugwedeza nsalu,
anaitembenuza kuona ngati kumbuyo kuli zina.
"Abwana anati palibe kulowa. Za kalata sananene."
Ndinakhala pa sitepe. Likhweru linayamba masana.
Iye anayang'ana msewu, anayang'ana ine,
kenako anati, "Bweretsani ndalamazo. Mundigwirire botololi."
Mphindi zisanu ndinali mlonda wa famase,
ndikuthira manja a anthu ovala bwino
amene ankadabwa kamwa langa.
Anatuluka ndi kapopera, lisiti, ndi chenji yonse,
ngakhale ka fifite ngwee.
Pa baji yake panalembedwa Sakala.
Nkhope yake sindikuidziwa mpaka lero.

Pano masiki ndi zopukutira mafuta a makina.
Palibe amafunsanso.
Kalata ija inang'ambika m'mapindo, thukuta linadya chidindo,
koma kuitaya ndinalephera.
Ndinaiyala pa kansalu kotsala
n'kuipondera ndi makina mbali zonse zinayi.
Singano inaboola dzina la adokotala,
inadumpha pakona monga mwa masiku onse.
Lameki akuti ndi chiyani ichi.
Ndati usakhudze,
ndi yokhayo imene ndinasoka yondikwana.